"Abstinence Ili Che", Nanga Mnzako Wodwala?

Acinyamata anzanga, pamene mukuwerengera zimene gulu lanu lacita caka cino pa nkhani ya cikondi ndi Edzi, kumbukiraniko caka ca 2000. Ambiri a inu munali musanabadwe, koma funsani makolo anu. Mau akuti "Abstinence ili che" anali pakamwa pa acinyamata kucokera pa Cairo Road mpaka ku Chelstone. Anali a kampeni ya HEART, imene inayamba mu 1999 pa wailesi ndi pa TV.

Mphamvu yake inali m'cilankhulo. Sinalankhule ngati dokotala wa ku UTH kapena mkulu wa mpingo, koma m'Cinyanja ca m'tauni, cimene mtsikana wa ku Kabwata amakanira naco mnyamata podikira minibasi. Kudziletsa kunaleka kukhala camanyazi. Pamenepo tiwayamikire.

Mauthenga ena anali a makondomu, ndipo mipingo itadandaula, anawacotsa pa TV kuciyambi kwa 2001. Phokoso limenelo linaphimba cilema cacikulu ca kampeniyi. Inakuphunzitsa kudziteteza kwa cibwenzi cako. Za mnzako amene ali nako kale kacirombo, uja wasiya kubwera ku kwaya, inanena zocepa, ndipo oitsutsawo sanafunse n'komwe.

Komatu Winstone Zulu anali ataulula kale poyera mu 1990 kuti ali ndi HIV, anthu akuopabe ngakhale kugwirana canza ndi wodwala. Anagwira nchito ndi a Kara Counselling muno mu Lusaka, nakhala ndi moyo kufikira 2011.