Kupeta Kuwala kwa Mwezi

Aliyense amene anayesapo kujambula mwezi ndi foni amadziwa manyazi ake. Kumwamba mwezi uli mbee, koma pafoni pangotuluka kadontho koyera ngati babu la pakhonde la anansi. Kamera ikaona mdima ponseponse imatsegula diso lake nthawi yaitali, mwezi n'kupserera. Chonsecho mwezi ndi thanthwe limene likuwombedwa ndi dzuwa la masana. Ojambula ali ndi lamulo lakale lotchedwa Looney 11: ika kamera pa f/11, ISO 100, itsegule diso kwa gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Ukatero kadontho kaja kamayamba kuonetsa nkhope.

Wongoyamba kumene amathamangira mwezi wathunthu, ndipo amabwerako ndi mbale yoyera yopanda makwinya. Usiku umenewo dzuwa limawomba mwezi chamaso, mithunzi n'kuthawa. Wodziwa amadikira mwezi ukhale theka, n'kuloza telesikopu pamalire a kuwala ndi mdima, pamene dzuwa likungotuluka kumene kumweziko. Pamenepo kachitunda kalikonse kamaponya mthunzi wautali. Taonani Rupes Recta, chiphedi cha makilomita pafupifupi 110 m'mphepete mwa chidikha cha Mare Nubium. Mwezi ukangopitirira theka pokula, chiphedichi chimaoneka ngati mzere wakuda wolembedwa ndi rula. Patapita masabata awiri, dzuwa likamalowa kumeneko, mzere womwewo umayera. Pa mwezi wathunthu mungachifunefune mpaka khosi kuwawa. Apa luso loyamba ndi kudziwa tsiku, zida zimabwera pambuyo.

Mdani wamkulu ali pafupi ndi ife. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 384,000 bwinobwino, n'kudzasokonezeka mumpweya wa pamwamba pa madenga athu. Ukayang'ana mu telesikopu, mwezi umanjenjemera monga umachitira msewu wa tala masana a mu Okutobala. John William Draper, amene anajambula mwezi ku New York mu 1840, ankasiya chida chake chotsegula kwa mphindi pafupifupi 20. Masiku ano ojambula apakhomo amachita zosiyana. Amajambula vidiyo ya mphindi imodzi kapena ziwiri, momwe mumakhala tizithunzi masauzande, podziwa kuti mpweya umakhala bata kwa kamphindi mwa apo ndi apo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako ntchito imasamukira pakompyuta, ndipo imafanana ndi ya mayi amene wagwira lichero. Pulogalamu ngati AutoStakkert!, imene analemba Emil Kraaikamp wa ku Netherlands, imayeza kachithunzi kalikonse, n'kusanja kuyambira koyera mpaka kachimbuuzi. Wojambula ndiye amagamula pomwe gaga akuyambira. Akasunga zochepa kwambiri, chithunzi chimatuluka ndi timadontho ngati mchenga. Akachita umbombo n'kusunga zonse, zoipa zimamiza zabwino. Zotsalazo zimasanjikizidwa pamodzi, ndipo masamu ake ndi osavuta: tizithunzi 100 timachepetsa mchenga uja kakhumi. Palibe chimene chawonjezedwa apa. Chilichonse chotuluka chinalowadi pagalasi usiku umenewo.

Chotuluka m'lichero chimaoneka chofewa, ngati chakutidwa ndi nkhungu, ndipo apa mpamene ojambula amasiyanirana. Mu RegiStax, pulogalamu yaulere ya Cor Berrevoets, muli timabatani tokoka totchedwa wavelets. Ukakoka pang'ono, nkhungu imang'ambika. M'kati mwa dzenje la Clavius, lotambalala makilomita oposa 200, mumatulukira timaenje tondondozana mokhota ngati uta, kuyambira lalikulu mpaka kakang'ono. Mtima umagunda, dzanja n'kufuna kukokanso. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zithunzi zambiri zimene anthu amaziombera m'manja pa Facebook zinagwa chagada chomwechi, ndipo zizindikiro zake sizibisika. M'mphepete mwa mwezi mumazungulira kamzere koyera ngati wina wadutsamo ndi choko. Milomo ya maenje imanyezimira ngati malata atsopano, chidikha chosalala n'kuchita zikang'a ngati nsima yogona. Kunola chithunzi kotereku kuli ngati mchere wa m'ndiwo. Wakudya akayamba kuumva, ndiye kuti wophika walakwa.

Nkhani ya mitundu ndi yovutirapo. Maso athu amaona mwezi wotuwa, koma m'dothi lake muli kusiyana kwenikweni. Mare Tranquillitatis, komwe Apollo 11 inatera mu 1969, ili ndi titanium wambiri ndipo imapendekera ku buluu, pamene zidikha zina zimapendekera kofiirira. Mu 2022 Andrew McCarthy ndi Connor Matherne a ku America anatulutsa chithunzi chochokera ku tizithunzi toposa 200,000, mitundu imeneyi itakwezedwa mpaka kuonekera patali. Ena amati uku n'kunama, poti palibe diso linaonapo mwezi wotero. Ine sinditero. Mtunduwo unalipo, iwo angoukweza mawu monga timakwezera wailesi, ndipo ananena poyera mmene anachitira. Chodandaulitsa ndi otsanzira, amene amapaka buluu ndi wofiira mpaka mwezi kuoneka ngati chitenje, osadziwa n'komwe chimene mtunduwo ukuimira.

Malire enieni a kukonza chithunzi anaonekera mu 2023. Munthu wina anatenga chithunzi cha mwezi, n'kuchifafaniza dala pakompyuta mpaka maenje onse kusowa, kenako anachijambula pagalasi la kompyutayo ndi foni ya Samsung m'chipinda chamdima. Foniyo inatulutsa mwezi wa maenje ake. Kampaniyo inafotokoza kuti foni imazindikira mwezi ndipo imakonza chithunzi mothandizidwa ndi AI yophunzitsidwa pa zithunzi zambiri za mwezi. Chithunzicho chinali chokongola, koma zina mwa zimene chinaonetsa sizinadutse pagalasi la kamera. Wopeta amachotsa gaga. Akayamba kuthiramo mphale ya kwina, ntchitoyo yasintha dzina.

N'chifukwa chake ndikaona chithunzi cha mwezi sindiyamba ndi kufunsa mtengo wa telesikopu. Ndimayang'ana m'mphepete ngati muli choko chija. Ndimayang'ana ngati mthunzi wa m'dzenje la Copernicus ukugwera mbali imodzi ndi wa mapiri oyandikana nalo, ndiponso ngati chidikha chasiyidwa chosalala monga chilili. Mwezi umationetsa mbali imodzimodzi chaka ndi chaka, ndipo zombo za NASA zinaujambula kale bwino kuposa mmene aliyense wa pakhonde angachitire. Chimene wojambula wapakhomo ali nacho yekha ndi usiku wake: tsiku lakuti, ola lakuti, mthunzi utafika pakuti. Akakonza mpaka usikuwo kufufutika, watsala ndi mwezi wa wina aliyense.