SenseToKnow: chida chopatsa chiyembekezo, koma umboni ndi wochepa

Mu 2023, ofufuza a ku Duke University ku America adafalitsa m'magazini ya Nature Medicine zotsatira za SenseToKnow, pulogalamu ya pa tabuleti yopimira autism. Mwana amaonera timakanema kwa mphindi pafupifupi 10, kamera n'kumajambula komwe akuyang'ana, kuphethira kwake, komanso ngati akucheuka akamuitana dzina.

Mwa ana 475 a miyezi 17 mpaka 36, 49 adapezeka ndi autism, ndipo pulogalamuyi idazindikira 88 peresenti ya iwo. Ubwino wake ndi woti siidalira mayankho a makolo okha ngati mafunso 20 a M-CHAT-R.

Komabe ana 49 ndi ochepa, ndipo onse adapimidwa m'zipatala za dera limodzi la North Carolina. Mwa ana 10 aliwonse omwe idawakayikira, pafupifupi 6 analibe autism. Kumene akatswiri otsimikizira ndi ochepa, makolo otere angakhale ndi nkhawa kwa miyezi yambiri.

Chidachi chiyesedwe kaye m'zilankhulo ndi m'madera ena. Kupima kumathandiza pokhapokha mwana wokayikiridwayo ali ndi kotumizidwa kuti akalandire chithandizo.