Mayina a Malo ndi Mbiri ya Kitwe ndi Ndola: Ndemanga pa Buku la Ferguson

Buku la James Ferguson lotchedwa Expectations of Modernity, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1999, lidachokera pa kafukufuku amene mlembiyu adachita ku Kitwe m'zaka za m'ma 1980. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti akatswiri a ku Rhodes-Livingstone Institute, monga J. Clyde Mitchell ndi A. L. Epstein, ankaona moyo wa m'migodi ngati ulendo wosabwerera m'mbuyo, wochoka kumudzi kunka kutauni, pamene kugwa kwa mtengo wa kopa chapakati pa zaka za m'ma 1970 kudabweza antchito ambiri kumidzi imene sankaidziwa bwino. Hugh Macmillan adatsutsa kale, mu 1993, m'mene Ferguson adawerengera mabuku a akatswiriwo, ndipo mkangano umenewo sitiubwereza. Dandaulo lathu ndi la anthu ophunzitsa zinenero: bukuli limamvetsera kwambiri mawu a anthu, koma silifunsa mayina a malo amene anthuwo akukhalamo.

Tiyambe ndi Ndola. Boma la pamalopa lidatsegulidwa mu 1904 ndi J. E. Stephenson, yemwe anthu ankamutcha Chirupula, ndipo dzina la tauniyi amati lidachokera ku kamtsinje ka Kandola kamene kamathira mu Kafubu. Chapafupi pali mgodi wa Bwana Mkubwa, dzina la Chiswahili, ndipo mkati mwa mzinda mtengo wa mupapa wa mumsewu wa Makoli udatchuka ngati chikumbutso cha malonda a akapolo. Njanji idafika mu 1909. Motero Ndola adali kale malo okumanirana amalonda, Alamba ndi atsamunda migodi ikuluikulu isanakumbidwe. Wowerenga amene wadziwa Copperbelt kudzera mwa Ferguson yekha angaganize kuti mbiri ya chigawochi idayamba ndi kopa.

Kitwe ndi wamng'ono pa msinkhu. Tauniyi idakhazikitsidwa mu 1936 pambali pa mgodi wa Nkana, ndipo kwa zaka zambiri padali matauni awiri oyandikana: wina wa kampani ya Rhokana, wina wa boma. Nyumba ya ku Wusakile kapena ku Chamboli inkayenda pamodzi ndi ntchito, kotero kuti wochotsedwa ntchito ankachotsedwanso m'nyumba. Ferguson akuidziwa bwino mfundo imeneyi, ndipo masamba ake ofotokoza nkhawa za opuma pantchito ndiwo okoma koposa m'buku lonse. Chimene sachilabadira mokwanira ndi chakuti Nkana ndi dzina la mfumu ya Alamba. Eni nthaka amene migodi idawapeza satenga malo aakulu m'nkhani yake, chonsecho Clement Doke adali atalemba za iwo mu 1931, ndipo Brian Siegel adaonetsa mu 1989 m'mene obwera kudzagwira ntchito ankanyozera Alamba powatcha aulesi. Mmishonale Doke adaphunzira Chilamba ku Kafulafuta, mishoni imene idatsegulidwa mu 1905 ndi amishonale ochokera ku Nyasaland.

Apa mpamene ife a Chinyanja tiyenera kutchera khutu. Limodzi mwa makomboni aakulu a Kitwe ndi Chimwemwe, liwu limene mwana wa ku Chipata kapena ku Dedza alimva msanga, pomwe Mbemba ponena za kukondwa amati insansa. Kwacha, komboni ina, ndi liwu la zinenero zonse ziwiri. Chinyanja chidalowa m'matauniwa ndi apolisi, asilikali ndiponso makalaliki ophunzira ku mishoni za ku Nyasaland, ena mwa iwo, monga Ernest Muwamba, atatsogolera bungwe loona za umoyo wa anthu akuda ku Ndola kuyambira mu 1930. Ferguson amagawa makhalidwe a m'tauni pawiri, lina lokokera kumudzi, lina lokokera ku dziko lakunja. Kagawidwe kameneka nkothandiza, koma kalaliki wa ku Nyasaland amene kwawo kudali kutsidya kwa malire, nalankhula Chingerezi muofesi, Chinyanja kunyumba ndi Chibemba pamsika, tingamuike mbali iti? Epstein, amene Ferguson amamudzudzula, adachita bwino pa nkhani ya chinenero: nkhani yake ya mu 1959 yokhudza mawu atsopano a pa Copperbelt, pamodzi ndi ya Mubanga Kashoki ya mu 1972 yofotokoza Chibemba cha m'tauni, zimaonetsa zigawo zambiri kuposa ziwiri.

Nkhaniyi ikukhudza aphunzitsi mwachindunji. Pa zinenero zisanu ndi ziwiri zimene Zambia adasankha kuti ziziphunzitsidwa m'masukulu, Copperbelt adapatsidwa Chibemba, ndipo Chilamba mulibe. Mwana wa ku Twapia kapena ku Chifubu angamalize sukulu osauzidwa kuti mayina ambiri a mitsinje ndi migodi yomuzungulira ndi a chinenero china. Mphunzitsi wogwiritsa ntchito buku la Ferguson m'kalasi aike pambali pake mapu a Kitwe ndi Ndola, ndi galamala ya Chilamba ya Doke ya mu 1938, kuti ophunzira asanthule okha dzina la komboni iliyonse ndi mtsinje uliwonse.