Utsi Umene Tauzolowera

Aliyense amene analowapo m'khitchini ya kumudzi anauona mwaye wakuda bii wolendewera kudenga. Timauona tsiku ndi tsiku, koma sitidzifunsa kuti, ngati utsi wadetsa udzu chotere, nanga mapapo a mayi amene amawerama pamafuwa m'mawa ndi madzulo, khanda lili kumbuyo, ali motani?

Choopsa si kuwawa kwa m'maso kokha ayi. Mu utsimo muli tinthu tating'ono kwambiri, timene mphuno singathe kutitchinga; timatsikira mpaka pansi pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi. Bungwe la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu ngati 3.2 miliyoni pa dziko lonse anafa ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba.

Pomva zimenezi ife tathamangira mbaula zamakono, kuziyesa mankhwala. Sitikuzinyoza, pakuti zimapulumutsa nkhuni ndi msana wa otola nkhunizo. Koma tinene zoona. Ku Chikwawa ndi ku Karonga akatswiri anagawa mbaula zotulutsa utsi wochepa, natsatira ana oposa 10,000 kwa zaka ziwiri. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu The Lancet mu 2017, zinaonetsa kuti chibayo sichinachepe pakati pa anawo. Ife sitidabwa. Mwana sakhalira pambaula pokha: amapuma utsi wa zinyalala zotenthedwa pabwalo, wa koloboyi, ndi wa makala amene timalowetsa m'nyumba yotseka m'mwezi wa June.

Kulakwa kwathu kwagona pa kamangidwe. Timamanga khitchini ngati nkhokwe, yopanda zenera, ndipo mtima womwewo tapita nawo kuchipatala. Poyendera odwala timapeza mazenera otsekedwa, ena okhomedwa ndi misomali, ati kuopa mphepo ndi akuba, pamene m'katimo wina akutsokomola chifuwa chachikulu, matenda oyenda ndi mpweya.

Mu 2007 anafalitsa zimene anapeza m'zipatala za mumzinda wa Lima ku Peru. Kungotsegula mazenera ndi zitseko kunasintha mpweya wa m'zipinda koposa makina okwera mtengo. Ndipo zipinda zakale, za denga lalitali ndi mazenera aakulu, zinaposa zatsopano. Komabe pamisonkhano yomanga chipatala timakangana za malata ndi utoto, za zenera n'kusiyira mmisiri, amene amalichepetsa kuti ndalama zikwane.