Gene Parsons, Mmisiri wa Ng'oma ndi Gitala

Gene Parsons, wobadwa mu 1944 ku California, anaimba ng'oma m'gulu la The Byrds kuyambira 1968 mpaka 1972, pamene gululi linkasakaniza nyimbo za country ndi rock. Ndiyenso anapeka nyimbo ya "Gunga Din".

Koma manja akewo ankadziwanso zitsulo. Iye ndi mnzake Clarence White anapanga kachipangizo kotchedwa StringBender n'kukamangirira pa gitala ya White ya mtundu wa Fender Telecaster. Woimba akakanikizira gitala pansi, lamba wapaphewa amakoka kachitsulo kamene kamakunga nsambo ya B, mawu ake n'kukwera kufika pa C#. Pamenepo gitala imalira monyolomoka ngati gitala ya mtundu wa pedal steel, zala zili pamalo pomwepo.

Gitala ya White ija pano ili m'manja mwa woimba Marty Stuart, amene amaiimbabe pamaso pa anthu.