Sewero Lopanda Pepala

Pa zaka zinayi zimene ndidaphunzira zisudzo pa koleji ku Zomba, masewero amene ndidawerenga adali a m'Chingerezi, pomwe amene adandigwira mtima powaonera kapena pochita nawo, ambiri adali a m'Chichewa. Lero ndikafuna a Chingerezi aja ndimangotambasula dzanja pa shelefu. Ndikafuna a Chichewa aja ndimasowa kolowera, chifukwa mwa amene tidapanga ife palibe ndi limodzi lomwe limene lidalembedwa. Nkhaniyi ndikuilozetsa kwa ife alembi a Chichewa, amene timanyadira ndakatulo, nthano ndi nkhani zazifupi, koma sewero timalisunga ngati mwana wopeza.

M'kalasi tinkakumana ndi Sophocles, Shakespeare, Wole Soyinka ndi Athol Fugard. A kwathu nawo adalipo: buku la Nine Malawian Plays limene James Gibbs adasonkhanitsa mu 1976, komanso The Rainmaker la Steve Chimombo, lokamba za M'bona, limene lidasindikizidwa mu 1978. Ubwino wa sewero lolembedwa ndi wakuti umatha kuliimitsa. Umabwerera m'mbuyo n'kuona pamene mlembi adakwirira kanthu m'chigawo choyamba kuti adzakafukule kumapeto, ndipo umawerenga mawu a mtengambali mmodzi yekha kuchokera koyamba mpaka kothera kuti uone pamene munthuyo adasinthira mtima. Aphunzitsi athu sadalakwe kutipatsa mabuku a Chingerezi, popeza mphunzitsi amaphunzitsa kusanthula pogwiritsa ntchito zimene zili papepala, ndipo masewero a Chichewa osindikizidwa ndi owerengeka.

Chonsecho chilankhulo cha kumudzi sichidayambe dzulo kumveka pa nsanja ya ophunzira. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College lidayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, likuyendayenda m'sukulu ndi masewero a Chingerezi. Mu 1981 gululi lidapita ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, kukapanga masewero ndi anthu a kumeneko pa nkhani zowakhudza, m'chilankhulo chimene iwo ankamva. Pakati pa zaka za m'ma 1980 ntchito yotereyi idachitikanso m'midzi yozungulira Liwonde pa nkhani za umoyo. Chris Kamlongera ndi David Kerr, amene adatsogolera zambiri mwa izi, adalemba mabuku ofotokoza m'mene ntchitoyo inkayendera. Mabukuwo ndi a m'Chingerezi, ndipo cholinga chake chidali kufotokoza njira. Amene akufuna kumva Chichewa chenicheni chimene chinkatuluka m'kamwa mwa ochita sewero ayenera kukafunsa amene adalipo.

Njira imeneyo ndiyo ifenso tidaipeza. Tinkapita kumudzi n'kukhalako masiku angapo, atsikana kumatsagana ndi amayi ku mjigo ndi ku chigayo, anyamata kumacheza pa bawo kapena pa dimba. Madzulo tinkakhala pansi n'kumakhuthula zimene tamva, kenaka n'kugwirizana mutu, kugawana mbali ndi kuyamba kuyeserera pansi pa mtengo. Chimene chinkalembedwa chidali kapepala kamodzi kosonyeza kuti woyamba kulowa ndani, wotsatira ndani, nyimbo ibwera pati. Mawu onse aliyense ankawatola m'mutu mwake, ndipo ambiri mwa iwo adali obwereka kwa eni mudzi omwewo.

Limodzi mwa masewero athu lidali la mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake adabwera kudzatenga katundu maliro atangotha. Sewerolo lidayenda mwaulemu kwa nthawi yaitali. Mayiyo adagwada, akuyankha malume a malemuyo ndi "inu" komanso "iwo", maso ali pansi, pamene mipando, njinga ndi wailesi zinkatuluka m'nyumba chimodzichimodzi. Koma pamene nkhalambayo idatambasula dzanja kuti inyamule makina osokera amene mayiyo ankadyetsera ana, iye adaimirira n'kuitchula kuti "iwe". Bwalo lonse lidati zii, kenaka amayi adaulula nthungululu, abambo ena akupukusa mitu. Palibe amene adamenyedwa, palibe amene adakuwa, koma aliyense adadziwa kuti ubale watha pomwepo. Chimake cha sewero lonse chidagona pa liwu limodzi la zilembo zitatu. Tayesani kumasulira zimenezo m'Chingerezi cha lero, mmene mfumu ndi mwana onse amatchulidwa ndi liwu limodzi, muone ngati chitsalepo n'chiyani.

Chichewa chili ndi zida zambiri zotere zimene mlembi wa sewero akadazikondwerera. Mkamwini amene sangayang'anizane ndi apongozi ake, ndiye mawu ake ayenera kudzera mwa munthu wachitatu, ndi mtengambali wopangidwa kale. Nkhoswe zikakhala pa mlandu wa banja zimaponyerana miyambi, wina akayamba mwambi mnzake n'kuupotoza kuti umubwerere mwini wake, ndipo oonera amatsatira mpikisanowo ngati mpira. Palinso chinyau cha m'mawu chimene Amalawi adachizolowera, chonena za fisi pomwe ukunena za munthu amene wakhala kutsogolo komweko. Zonsezi ndidaziona zikugwira ntchito pa bwalo, ndipo m'mabuku a masewero amene tinkalembera mayeso munalibe malo oti n'kuzipezamo.

Oonera a pa koleji nawo adali aphunzitsi, ngakhale ankaphunzitsa ndi chikwapu. Wophunzira mnzako amene mwadya naye nsima madzulo omwewo sakunyengerera. Ukatalikitsa mawu amakuuza ali pampando kuti ufulumire, ukaiwala amakukumbutsa mokuwa, ndipo ukavala ndevu za thonje zosamatika bwino amakuitana ndi dzina lako lenileni. Pa sewero la Chingerezi phokoso lotere linkatisokoneza, chifukwa woloweza mawu akachotsedwa pa mzere amavutika kubwererapo. Pa la Chichewa zinkakhala zina. Wochita sewero waluso ankalandira chipongwecho n'kuchibweza ali m'mbali yake yomweyo, holo yonse n'kugwa ndi phwete, sewero n'kumapitirira. Luso limeneli ndi limene anthu ankalikondera kwa John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo a gulu la Kwathu, ndipo ambiri a ife tinkawatsanzira mosabisa.

Koma ndisanamizire kuti kusalemba kudatipatsa zabwino zokhazokha. Sewero lopanda pepala limanenepa tsiku lililonse. Nthabwala imene yaseketsa anthu Lachisanu imabwerezedwa kawiri Loweruka, ndipo sewero la mphindi makumi anayi limafika ola ndi theka popanda chatsopano chowonjezereka. Atengambali amakhala omwewomwewo: chidakwa chodzandira, sing'anga wabodza, bambo wa zigamba wolankhula mopusa, mtsikana wa m'tauni wotafuna chingamu. Munthu akamapeka mawu ali pa nsanja amathamangira chimene akudziwa kuti chiseketsa, ndipo choseketsa msanga nthawi zambiri chimakhala chimene anthu adachiona kale. Mlembi amene ali yekha ndi pepala ali ndi mpata wofufuta, wofunsa ngati chidakwacho chili ndi chifukwa chomwera mowa, ndi wochipatsa mphindi imodzi yoti chinene zoona zopweteka.

Vuto lina lidabwera ndi ndalama. Masewero a kumudzi ankalipiridwa ndi mabungwe, ndipo bungwe limabwera ndi uthenga wake m'chikwama. Ndikukumbuka mkulu wa bungwe lina amene ataonera kuyeserera kwathu adapempha kuti kumapeto kulowe mlangizi wovala bwino adzafotokoze mfundo zisanu zimene zidali m'kabuku kawo. Augusto Boal wa ku Brazil, amene tinkamuwerenga m'kalasi, ankafuna kuti woonera alowe m'bwalo adzayese yekha kumasula mfundo. Mlangizi wa mfundo zisanu uja amatseka khomo limenelo, chifukwa akangoyamba kulankhula anthu amadziwa kuti sewero latha, wayamba ndi msonkhano. Pang'onopang'ono padakhazikika maganizo akuti Chingerezi ndi cha luso, choyenera mpikisano wa ATEM wa m'sukulu za sekondale kapena nsanja imene Du Chisiza Jr. ankaimapo ndi gulu lake la Wakhumbata, pomwe Chichewa ndi cha nthabwala ndi mauthenga a chimbudzi ndi katemera.

Kusalembaku kudali ndi chifukwa chake pachiyambi. Chaka cha 1968, chimene Chichewa chidakwezedwa kukhala chilankhulo cha fuko, ndi chaka chomwecho chimene padakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo. Sewero lisanaonetsedwe linkayenera kupita ku Censorship Board kuti likavomerezedwe. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi pepala lidali mboni yokutsutsa. Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College pomwepo, adamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mawu oponyedwa pa bwalo, kapena diso lotsinzinira oonera, sizisiya phazi loti wina alilondole. Amene ankapanga zisudzo m'zaka zimenezo adachenjera posaika zonse papepala. Koma ulamuliro uja udatha mu 1994, ndipo ife amene tidabwera pambuyo tidalandira chizolowezicho mantha ake atachoka kale.

Ena amati kulemba kumapha sewero la Chichewa, popeza moyo wake uli m'kamwa ndi m'thupi, ndipo amapereka chitsanzo cha Gule Wamkulu amene wadutsa mibadwo popanda buku. Mfundoyi ili ndi mutu, koma Gule ali ndi dambwe, kumene akulu amapatsira achinyamata zimene iwonso adalandira. Gulu la ophunzira lilibe dambwe. Pakatha zaka zinayi limabalalika, wina kukaphunzitsa ku Nsanje, wina kukagwira ntchito ku banki, wina ku Johannesburg, ndipo sewero limagawika m'mitu khumi yosakumananso. Ngakhale akatswiri sakhalitsa: Du Chisiza adamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira mu 2006, Nyanga mu 2016, Mabedi mu 2021. Enanso amati masiku ano pali mafoni ojambula. Kanema amasunga m'mene gulu limodzi lidachitira tsiku limodzi, ndipo ana a sukulu akamuonera amangotsanzira mayendedwe ndi mawu a amene ali m'kanemayo. Pepala limawapatsa mawu okha, n'kuwasiyira ntchito yopeza okha nkhope ndi mayendedwe a mayi wamasiye uja.

Kuti Chichewa chingathe kunyamula sewero lolemera lolembedwa, Stanley Onjezani Kenani adasonyeza pomasulira Romeo and Juliet, limene lidaonetsedwa m'Chichewa mu 2016. Ndidakondwa nazo, komabe zidandiwawa kuti chilankhulo chathu chikulandira mlendo wa ku Verona m'nyumba imene ana a pakhomo sadalembedwe maina.

Chaka chatha ndidayesa kulibweza papepala sewero la mayi wamasiye lija. Ndidaimbira foni anzanga atatu amene adali m'gululo. Tonse tidagwirizana za makina osokera ndi za "iwe" uja. Pa zimene zidatsatira tidasiyana: wina adati mfumu idalamula kuti katundu abwezedwe, wina adati mayiyo adanyamula ana n'kubwerera kwawo, ndipo amene ankachita mbali ya malume adaumirira kuti tinkasiyira oonera kuti agamule okha, mwina n'chifukwa chake aliyense akukumbukira mathero a mudzi wina. Ndalemba masamba khumi ndi awiri, ndipo ndaima pamene mayiyo waimirira.