Mpira woti palibe

Kale ku America, matimu a anthu akuda osewera baseball, uja womenya kampira ndi chibonga, ankasangalatsa anthu masewera asanayambe: kuponyerana, kumenya, kuwakha, koma mpira palibe. Ken Burns anatenga dzina la nthabwalayi, Shadow Ball, n'kutcha gawo lachisanu la filimu yake ya mu 1994, Baseball. Dzinali likumunenanso iye mwini. Maligi a akuda, kuyambira imene Rube Foster anakhazikitsa ku Kansas City mu 1920, anajambulidwa pang'ono zedi pa kanema. Chimene chinatsala ndi zithunzi zongoima chilili.

Burns sathamanga nazo. Kamera imayamba pa maso a munthu mmodzi, n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka timu yonse ionekere, iwe utamudziwa kale mmodziyo. Koma wonyamula gawoli ndi Buck O'Neil, nkhalamba ya zaka zoposa 80 imene inasewerera Kansas City Monarchs. Akayamba za wosewera mnzake Satchel Paige, kuseka kumatsogola, mawu pambuyo. Ndinamuonera pa foni ku Nchalo, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinangoti awa ndi madala athu a pa bawo.

Dandaulo langa lili pomwepo. O'Neil amakoma pakamwa mwakuti tsankho limafika m'khutu ngati nthano ya pamoto. Sam Pollard, mu filimu yake The League ya 2023, sanalole zimenezo, analondola ndalama. Wosewera wakuda Jackie Robinson atalowa timu ya azungu ya Brooklyn Dodgers mu 1947, matimu a azungu anayamba kutola akatswiri, ena osapereka kalikonse kwa eni matimu, zimene Effa Manley wa Newark Eagles anazidandaula poyera. Maligi aja anafota, pamodzi ndi mahotela ndi malo odyera amene ankadalira khamu la pa bwalo.

Kwathu kuno wailesi ya kanema inafika mu 1999. Flames itatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, ku Bangula anaonera ndi makutu, pa MBC. Zithunzi zina zimene zinali m'masutikesi zinapita ndi madzi a namondwe Freddy mu 2023. Wofuna kujambula mbiri ya mpira wa kuchigwa ayambire kwa madala amene anasewerera timu ya Sucoma. Awasiye aseke kaye monga O'Neil, kenako awafunse kuti ankalandira zingati.